Usagule nambala, mdzukulu wanga

Khala pansi apa, mdzukulu wanga. Sendeza kampandoko kufupi. Foni yakoyo uyambe waibweza m'thumba. Chithunzi ndachiona. Galimoto ndi yokongola, yoyera mbee ngati ufa wa pamphasa. Ndamvanso zimene wanena, zoti mita yake ikuonetsa makilomita 38,000 okha, ndiponso zoti wogulitsa akuti ukachedwa mawa upeza itapita. Wakwera mtunda wonsewu kudzandifunsa ngati mayileji amenewa ndi ochepa. Wachita bwino. Safunsa anadya phula.

Ndilankhula Chichewa, poti iwe wakulira ku Lilongwe ndipo Chitumbuka chakwathu kuno umangochimva mwa apo ndi apo. Nkhani ya ndalama siyofunika kuimva mwa apo ndi apo.

Ine chiwongolero ndachigwira zaka zoposa 30. Ndatuta fodya ku Hewe ndi m'chigwa cha Henga. Ndanyamula malasha a ku Mchenga. Phiri la Chiweta ndalikwera usiku ndi usana, m'chilimwe ndi m'dzinja. Magalimoto ndawaona akubwera onyezimira, ndawaonanso atagona pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Choncho ndikamakuchedwetsa, usayese ndikukuchitira nsanje. Galu wamkota sakandira pachabe.

Tiyambe ndi masamu a kupulayimale. Wati galimotoyo ili ndi zaka 12. Gawa 38,000 ndi 12. Ukupeza makilomita 3,000 ndi kanthu pachaka. Gawanso ndi masiku a pachaka. Sakufika makilomita 9 patsiku. Ndiye kuti mwini wake ankadzuka, kupita pamsika, kubwerera, basi. Zaka 12 osapita kumaliro akutali, osakazonda apongozi. Anthu otere alipo, sindikana. Ku Japan kuli masitima ambiri, ndipo anthu a m'mizinda ikuluikulu ngati Tokyo ndi Osaka amapita kuntchito pasitima, galimoto n'kuisiya pakhomo. Nkhalamba zosayendayenda zilikonso. Koma iwe ukazungulira malo ogulitsira magalimoto, wogulitsa uyu akuuza kuti yake inali ya nkhalamba. Ukapita kwa uyo, nayenso yake inali ya nkhalamba. Pamenepo munthu wanzeru amayamba kufunsa.

Muyezo umene anthu ambiri a malondawa amayendera pa magalimoto a ku Japan ndi makilomita pafupifupi 10,000 pachaka. Sunga nambala imeneyo m'mutu. Galimoto ya zaka 12 ikaonetsa 120,000, palibe chachilendo, yayenda monga ziyendera zinzake. Ikaonetsa 70,000 kapena 80,000, imeneyo tingati mayileji ake ndi ochepa. Ikaonetsa 38,000, ifunika mboni. Nambala payokha sinena kanthu mpaka uyiike pambali pa zaka. Makilomita 60,000 pa galimoto ya zaka ziwiri ndi ambiri zedi. Omwewo pa galimoto ya zaka 10 ndi ochepa. Mwana wa zaka zitatu wolemera ngati thumba la chimanga ndi wodwala, koma munthu wamkulu wolemera chimodzimodzi ali bwinobwino.

Tsono pali njira ziwiri. Mwina nambalayo ndi yabodza, mwina ndi yoona. Zonse ziwiri zili ndi minga yake. Ndiyamba ndi bodza, chifukwa ndilo linandilasa ine.

M'chaka cha 1996 fodya anandikomera. Ndinaphatikiza ndalama za nyengo ziwiri, ndinati ndigule pikapu yangayanga, ndisiye kuyendetsa za anthu. Ndinaipeza m'tauni kwa bambo wina wolankhula mokoma. Mita inkaonetsa 42,000. Penti inali yatsopano, mipando atavundikira ndi nsalu. Malemu amalume anga anandiuza kuti nditenge makaniko akaione kaye. Ine ndinati ndine dalaivala, galimoto ndimaidziwa. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinalipira tsiku lomwelo.

Mita zina za nthawi imeneyo zinali ndi manambala asanu okha. Ikafika 99,999 inkabwerera pa ziro, ngati mwana wobadwa lero. Kumbuyo kwake kunalinso kachingwe kochokera ku giyabokosi. Munthu akakamasula, galimoto inkatha kuyenda chaka chonse mita ili duu. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma mtima ukakonda chinthu, maso amatsinzina okha. Patapita miyezi inayi, ndikukwera Chiweta nditanyamula usipa wa ku Chitimba, injini inayamba kugogoda, kenako inazima. Makaniko ataitsekula anandiitana. Anati, "Akulu, injini iyi yazungulira mita kawiri kapena katatu." Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndikonze. Amayi ako anakhala pakhomo teremu yathunthu chifukwa fizi inasowa. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Chaka chimenecho nkhuyu ndinadya ine, koma zinapota mwana wanga. Mpaka lero ndikawaona amayi ako ndimakumbukira teremu ija.

Iwe unganene kuti zimenezo ndi zakale, mita za masiku ano ndi zamagetsi. Mdzukulu wanga, zamagetsizo ndiye zosavuta. Mnyamata wodziwa kompyuta amalumikiza kachingwe pansi pa dashibodi, nambala n'kusintha madzi a nsima asanawire. Sipatsala chizindikiro, sipatsala chala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe wabodza saphimba mapazi ake onse. Ku Japan kuli lamulo loyeza magalimoto, amalitcha shaken. Galimoto yatsopano ya munthu wamba imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Poyezapo amalemba nambala ya pa mita ndi tsiku lake. Galimoto ikamatuluka m'dzikomo imapatsidwa chikalata chimene amalonda amachitcha export certificate, ndipo manambala a kuyeza komaliza amalembedwa pamenepo. Imeneyo ndiyo mboni yako yoyamba. Uchifunse chikalatacho. Ukapeza kuti zaka zinayi zapitazo galimoto inali kale pa 90,000, lero ikuonetsa 38,000, usakangane ndi munthu. Tsazika mwaulemu, uzipita.

Zaka za pachikalatacho zingakusokoneze, chifukwa Ajapani amawerenga zaka potengera ufumu wa mfumu yawo. Nyengo ya Heisei inayamba mu 1989, ya Reiwa inayamba mu 2019. Pa chaka cha Heisei uwonjezere 1988, pa cha Reiwa uwonjezere 2018. Heisei 24 ndiye 2012. Reiwa 3 ndiye 2021. Ukadziwa kameneka, palibe amene angakuwerengere chikalata mokhotetsa.

Magalimoto ambiri amadutsanso pa okushoni asanakwere sitima ya pamadzi. Kumeneko woyeza amalemba pepala lina, auction sheet, lonena mayileji, malo ophwanyika ndi giredi ya galimotoyo. Giredi 4 ndi galimoto yabwino. Chilembo R chimanena kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Fodya wako pa okushoni ku Mzuzu amamupatsa giredi. N'chimodzimodzi. Koma pepala nalonso limasindikizidwa ndi anthu. Uonetsetse kuti nambala ya chasisi ya papepala ndi yomweyo imene yadindidwa pachitsulo cha galimoto. Uwerenge ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Wogulitsa akati mapepala anasowa, dziwa kuti wakuuza kale zambiri.

Palinso kanthu kena kamene achinyamata saganizira. Magalimoto athu ambiri amatsikira padoko la Dar es Salaam. Kuchoka kumeneko amayendetsedwa pamsewu, aja mumawatcha ma IT, kudzera ku Mbeya mpaka pachipata cha Songwe. Ulendo umenewo wokha ndi makilomita oposa 900. Uwonjezerepo wochoka pa Songwe kudutsa Karonga ndi Chiweta kufika kuno. Choncho galimoto imene yafika ku Mzuzu iyenera kuonetsa makilomita oposa 1,000 pamwamba pa nambala imene inanyamuka nayo ku Japan. Zikafanana ndendende, funsa kuti inauluka kodi. Ndiponso dziwa kuti makilomita amenewo si ofewa. Woyendetsa amathamangira kubwerera kukatenga ina, ndipo ena amanyamula matola m'njira. N'chifukwa chake galimoto ikangofika, chinthu choyamba ndi kusintha oyilo ndi mafyuluta, ngakhale wina atalumbira kuti anasintha.

Tsopano tisiye mapepala, tione galimoto yeniyeniyo. Ukapita pamsika wa ng'ombe, sufunsa mwini wake zaka za ng'ombeyo. Umaikanula kukamwa n'kuona mano. Galimoto nayo ili ndi mano ake.

Yamba ndi pamene pamaponda phazi. Mphira wa pa buleki ukadyeka mpaka chitsulo kuonekera m'mbali, phazi lapondapo kambirimbiri. Ukapezanso mphira watsopano nyezinyezi pa galimoto ya zaka 12, funsa chimene anachotsera wakale. Gwira chiwongolero. Mpini wa khasu umauza wokha kuti walima minda ingati, umasalala pamene pamagwira dzanja. Chiwongolero n'chimodzimodzi. Cha makilomita 38,000 chimakhala chikadali ndi timizere take. Khala pampando wa dalaivala, kenako ukhale wa pambali pake. Wa dalaivala ukakhala wophwa ngati mtsamiro wakale pamene winawo uli njo, munthu wakhalapo maola ochuluka. Koka lamba wa pampando mpaka kumapeto. Ukamabwerera mwaulesi, m'mbali mwake mutanyenyeka, wakokedwa kwambiri. Kumunsi kwa lambayo kumakhala kansalu kolembedwa chaka chimene anapangidwa, ndipo kangakuthandize kudziwa ngati chaka chimene akukuuza n'choona.

Tsekula chitseko cha dalaivala, uyang'ane pamphuthu pake ndi pansi pa boneti. Magalaja a ku Japan amakonda kumata timapepala tonena makilomita amene anasinthira oyilo. Zilembo zawo sungaziwerenge, koma manambala ndi omwewa athu. Ndinaonapo galimoto mita ikunena 55,000, kapepala ka pachitseko kakunena 131,000. Wobweza mita anaiwala kumatula. Madzi saiwala khwawa, ndipo choonadi sichisowa potulukira.

Matayala nawo amalankhula. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsekeredwa m'kabokosi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Ukaona 2318, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Magalimoto ena amabwera ndi matayala a m'chipale, ofewa, okhala ndi timing'alu tambirimbiri. Amenewo pa phula lotentha la m'mphepete mwa nyanja amatha ngati sopo. Ukawaona, werengera mtengo wa matayala anayi pamwamba pa mtengo wa galimoto.

Tsono tinene kuti mboni zonse zavomerezana. Nambala ndi yoona, galimoto yayendadi 38,000 m'zaka 12. Usathamangire kuvina. Nyumba yosagonamo anthu imagwa msanga kuposa yogonamo. Chiswe chimalowa, denga limadontha popanda woona. Galimoto yongokhala imadwala matenda akeake. Mphira zimauma n'kung'ambika. Timasilo toletsa oyilo kudontha timalimba, ndipo ukangoyamba kuiyendetsa tsiku ndi tsiku, pansi pamayamba kuoneka madontho. Mabuleki amachita dzimbiri. Mapaipi a madzi amaoneka abwino kunja, m'kati atafumbwa. Zinthu zimenezi zimakalamba ndi zaka, sizidikira makilomita.

Ndiponso maulendo afupiafupi amadya injini kuposa ataliatali. Injini imavutika kwambiri pamene yangolizidwa, oyilo asanatenthe n'kufika paliponse. Munthu woyenda makilomita atatu n'kuzimitsa, injini yake sitentha mokwanira. Oyilo amasanduka phala lakuda. Tsekula chivundikiro cha pothirira oyilo, usuzumire. Ukaona matope akuda atamatirira, mwini wake ankawerenga makilomita n'kuiwala miyezi. Galimoto ya m'tauni imaimanso pamzere nthawi yaitali injini ikulira. Mita siwerenga zimenezo. Iyo imangowerenga kuzungulira kwa matayala.

Ugwadenso pansi, usaope kudetsa thalauza. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chambiri ndipo m'misewu amathira mchere kuti chisungunuke. Mchere umadya chitsulo. Galimoto ingakhale ndi mayileji ochepa, pamwamba ikuwala, kunsi itaola. Injini imakonzeka. Chasisi chodyeka ndi dzimbiri sichibwerera.

Apa ndiye pagona nkhani imene ndikufuna uimvetse, poti galimotoyo udzaiyendetsa kuno. Makilomita salemera mofanana. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma mtunda wa m'dambo ndi wa m'phiri si umodzi. Kilomita ya pamsewu wosalala wa ku Japan, munthu mmodzi ali m'kati, ndi yopepuka ngati thumba la thonje. Kilomita yakwathu ndi thumba la mchenga. Taganiza msewu wa Gorodi, wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, ndi makona ake 20 aja. Taganiza kutsika Chiweta phazi lili pa buleki mpaka fungo la kupsa kumveka. Taganiza njira ya ku Nyika kudzera pa Thazima, kapena tinjira tolowa m'midzi ya ku Hewe mvula itagwa. Fumbi limalowa mu injini, mabampu amadya mashoko, miyala imagogoda kunsi. Mita imalemba kilomita imodzi, galimoto yamva zisanu.

N'chifukwa chake galimoto imene yayenda kale kuno kwathu uiyeze ndi muyezo wina. Ma Sienta aja onyamula anthu pakati pa Rumphi ndi Mzuzu uwawerengere wekha. Ulendo umodzi ndi makilomita pafupifupi 70, kupita ndi kubwera 140. Akapita kawiri patsiku ndi 280. Pa masiku 300 ndi makilomita 84,000 chaka chimodzi chokha. Galimoto yopangidwira anthu 7 imanyamula oposa pamenepo, kumbuyo matumba a chimanga. Ndiye wina akakuuza kuti Sienta yake yagwira ntchito imeneyi zaka zitatu koma ikuonetsa 110,000, masamu akukana. Sindikunyoza anyamatawo, akudyetsa mabanja awo. Ndikungoti galimoto yotero yagwira kale ntchito yake, ndipo mtengo wake uyenera kunena zimenezo.

Mtundu wa galimoto nawonso umasintha tanthauzo la nambala. Land Cruiser kapena Hilux ya dizilo imene yayenda 200,000, ili ndi buku la sevisi lodindidwa mwezi ndi mwezi, ine ndingaikhulupirire kukwera nayo ku Chelinda. Inapangidwira zimenezo. Koma kagalimoto ka injini yaing'ono, ngati Passo kapena Vitz ya 1,000cc, kakafika 150,000 m'misewu yathuyi kamakhala katatopa. Bulu ndi mbuzi sasenza katundu wofanana. Tambiri mwa timagalimoto timeneti tili ndi giyabokosi yotchedwa CVT. Imayenda mofewa, imasunga mafuta, koma sikonda katundu wolemera ndipo imafuna oyilo wakewake. Ukaithira oyilo wolakwika, yatha. Timagalimototi tilinso pafupi ndi nthaka. Usanafunse mayileji, dzifunse ngati kagalimotoko kadzafika pakhomo pano mu Febuluwale. Galimoto ya mayileji ochepa imene singawoloke kakhwawa ka kuseri kwa sukulu kaja ilibe ntchito kwa iwe.

Kanthu kena kakang'ono. Magalimoto ochokera ku Britain amawerenga mamailosi, osati makilomita. Mailo imodzi ndi kilomita 1.6. Ukaona 60,000 pa galimoto yotero, ndiye kuti yadutsa makilomita 96,000. Yang'ana pa dashibodi ngati palembedwa mph kapena km/h. A ku Japan ndi a ku South Africa amawerenga makilomita ngati ife.

Anthu ambiri amaopa nambala ya 100,000 ngati ndi manda. Si manda ayi. Ndi msinkhu umene galimoto imafuna kusinthidwa zinthu zina. Injini zina zili ndi lamba wa taimingi amene amasinthidwa cha pamenepo, ndipo akaduka uli paulendo, pa injini zambiri amawononga ndi mavavu omwe. Zina zili ndi tcheni chimene chimakhalitsa. Makaniko akuuza kuti yakoyo ili ndi chiti. Mashoko, mabushi ndi pampu ya madzi nazonso zimayamba kupempha cha pomwepo. Tsono taona. Galimoto ya 110,000 imene mwini wake anasintha kale zonsezi, malisiti alipo, ingakhale yotchipa kuisunga kuposa ya 90,000 imene zonsezo zikukudikira iwe. Ogulitsa amadziwa kuti ogula amaopa 100,000. N'chifukwa chake magalimoto ambiri okayikitsa amaima pa 70,000 kapena 80,000. Wotchera msampha amaika nyambo imene mbewa imakonda.

Za ndalama ndinenepo pang'ono. Walira mvula walira matope. Ngati ukuitanitsa wekha, msonkho wa ku MRA umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, sutengera mayileji. Galimoto yakale ya mayileji ochepa ingakudye pachipata kuposa yatsopanoko yoyenda kwambiri. Ufunse msonkho usanatumize ndalama. Pambuyo pake pali kulembetsa, inshuwalansi ndi COF. Zipangizo zonse za galimoto zimachokera kunja. Unaona wekha mmene mitengo inadumphira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Usathire ndalama zako zonse pa kugula. Pa K10 iliyonse imene uli nayo, K2 ikhale pambali yodikira galaja. Ndipo usankhe mtundu umene zipangizo zake zimapezeka ku Mzuzu, umene makaniko wa pa boma pano anautsekulapo. Galimoto yachilendo imakoma pa ukwati, koma ikafa imadikira chipangizo miyezi.

Tibwerere kwa wogulitsa wako uja, amene akuti mawa ipita. Isiye ipite. Masitima akubwerabe ku Dar es Salaam, ma IT akudutsabe pa Songwe tsiku lililonse. Amene akukufulumizitsa akuopa kuti ungaone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wogulitsa chinthu chabwino sadandaula ukabwera kawiri.

Ukapite m'mawa, injini isanalizidwe. Ugwire boneti ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti aitenthetseratu, ubwerenso tsiku lina. Injini yozizira sidziwa kunama. Wina alize, iwe uime kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndiye kuti madzi akulowa kosayenera. Poliza, timagetsi ta pa dashibodi tiyake tonse kenako tizime. Kena kakapanda kuyaka n'komwe, mwina anakachotsa kuti kasaulule matenda. Usayese galimoto pamalo athyathyathya pokha. Uipeze pokwera, mukhalemo anthu atatu kapena anayi, umve ngati giya ikugwira kapena ikungolira. Uzimitse wailesi. Uidutsitse pa mabampu, makutu ali tcheru.

Ndipo usapite wekha. Mutu umodzi susenza denga. Utenge makaniko wako, amene wamulipira iwe, osati amene wakuitanira wogulitsa. Amene ali ndi kamakina koyezera kompyuta ya galimoto ndiye bwino koposa. Ndalama ya makaniko ndi yochepa poyerekeza ndi ng'ombe ziwiri zimene ndinagulitsa ine. Usachite manyazi kufunsa mafunso ambiri poopa kuoneka wosadziwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati galimotoyo inalembetsedwa kale kuno, uone bulubuku, dzina lake lifanane ndi chiphaso cha amene akukugulitsa. Kosintha umwini mupitire limodzi ku Road Traffic ku Mzuzu, ndipo ukalowe wekha mu ofesi. Madobadoba a panja uwapatse moni, mapepala ako usawapatse.

Ukuona ngati ndakulemetsa mutu. Ndikuona nkhope yako. Unabwera ndi chimwemwe, ine ndakuthira madzi ozizira. Mawu a akulu akoma akagonera. Ndalama imene wasungayo ndi thukuta la zaka zinayi. Ndinakuona ukudzimana nsapato, ukukwera kabaza dzuwa likuswa mtengo. Ine ndikufuna udzandinyamule pa galimoto imeneyo kupita ku Gonapamuhanya ku Bolero, chaka chino ndi chaka chamawa, ndi chinacho. Sindikufuna kudzaiona itakwera pamiyala.

Ndiye yankho la funso lako ndi ili. Kwa galimoto ya zaka 10 kapena 12 yongochoka ku Japan, makilomita 70,000 mpaka 100,000 okhala ndi mapepala ogwirizana ndi thupi la galimoto, amenewo ndiwo mayileji ochepa amene ine ndingakuvomereze. Ya 120,000 yosamalidwa bwino usaithawe. Ya 38,000 yopanda mboni usaiyandikire, ngakhale atakuchotsera mtengo.

Mawa umuimbire munthuyo. Umuuze akutumizire chithunzi cha export certificate ndi nambala ya chasisi. Akatumiza, ubwere nazo kuno tiwerengere limodzi. Zikagwirizana, Loweruka tidzuke m'mamawa, timutenge makaniko wa pa boma uja, tipite ku Mzuzu tikaione injini isanalizidwe.